Khosi la Limbani

Abale ndi alongo, ambiri a inu mumandidziwa ngati bambo uja amasesa m'tchalitchi muno Loweruka. Akuluakulu ena mukukumbukira dzina langa lakale. Mu Zomba muno ankanditchula kuti Kochi, ndipo dzina limenelo ndinkalikonda kuposa la ubatizo.

Ndinkaphunzitsa ragibi. Kwa amene simuudziwa, ndi mpira uja wooneka ngati dzira, wothamanga nawo m'manja, anthu n'kumagwetsana ngati akugwira nkhumba yothawa m'khola. Ndinauphunzira ku sekondale. Ndinasewera zaka zingapo, ndipo bondo litandikana ndinayamba kuphunzitsa anyamata a m'tauni.

Ndinali munthu wankhanza. Sindikunena izi kuti umboni ukome ayi. Ndinkamwa kachasu m'mawa, masana n'kumakalalatira ana a eni pabwalo. Wochedwa ndinkamuthamangitsa msewu wa kuphiri mpaka asanze. Wodandaula kuti bondo likuwawa ndinkamufunsa ngati akufuna ndimugulire chitenje. Anzake ankaseka, ine n'kumamva kukoma. Lamulo langa linali limodzi: mwamuna salira.

Mtima wanga unali pa chinthu chimodzi. Ndinkafuna kuitanidwa kukathandiza kuphunzitsa timu ya dziko. Ndinkalota jekete lija la mbendera pachifuwa, ndinkalota ndikukwera ndege, anzanga a kumowa atatsala kukamwa kuli yasa. Njira yake inali yoti mnyamata wanga mmodzi asankhidwe, kuti akuluakulu adziwe kuti ku Zomba kuli Kochi.

Ndili ndi mlongo wanga mmodzi, a Esinati, amakhala ku Mtiya. Amagulitsa zipatso m'mbali mwa msewu wa kuphiri, masitiroberi, mabulosi, magalagadeya, malinga ndi nyengo. Amuna awo anapita ku Joni mwana ali kumsana, ndipo sanabwererenso. Mwanayo ndi Limbani.

Mwambo wathu mukuudziwa. Mwana wa mlongo wako ndi wako. Ine ndiye ndinali malume wake, mwini mbumba. Akadwala, wothamanga ndine. Akalakwa, wokapepesa ndine. Wina akamulakwira, wokafunsa ndine.

Limbani sukulu anaisiyira panjira. Ankasenza matabwa kuchokera kwa ocheka paini kuphiri n'kutsika nawo m'tauni. Tsiku lina ndinakumana naye akutsika, matabwa ataliatali ali pankhata, iye akuimba mluzu ngati wasenza udzu. Anandipatsa moni mwaulemu. Ine moniyo sindinaumve n'komwe, maso anga anali pakhosi lake.

Mu ragibi muli chinthu chotchedwa sikiramu. Anyamata asanu ndi atatu amagwirana mbali iyi, ena asanu ndi atatu mbali inayo. Amawerama, akutsogolo n'kulowetsana mitu, kenako onse n'kumakankhana. Kulemera konseko kumathera pamakosi ndi pamapewa a anthu atatu akutsogolo aja. Timu yanga inalibe liwiro. Kupatsirana mpira nako kunali kwa mwayi, mpira unkagwa ngati wapakidwa sopo. Nzeru yathu inali imodzi basi, kukankha mpaka anzathu atope. Pa nzeru imeneyo ndinkasowa khosi ngati la Limbani.

A Esinati anakana poyamba. Anati, "Achimwene, mpira womenyana uja? Mwana ndili naye ndi yemweyu."

Ndinawaseka. Ndinati khosi lotsitsa matabwa a paini phiri lonseli lingathyoledwe ndi tiana ta m'tauni? Tonse tinkakhulupirira zimenezo, ngakhale anzake osenza matabwa. Tinkati khosi la kuphiri ndi chitsulo. Mapeto ake achemwali anati, "Ndinu amalume ake. Ndakupatsani."

Mnyamatayo anaphunzira msanga. Chilowereni iye, palibe timu inatikankhanso. Anali wofatsa, wosachuluka mawu. Pabwalo ankanditchula Kochi monga anzake, kunyumba ankati amalume, ndipo chinthu ankalandira ndi manja awiri. Ine sindinamuyamikirepo. Ndinkati ukamuyamikira mwana amafewa.

Chaka china timu ya dziko inali pamavuto. Osewera ake awiri akutsogolo anavulala, wina phewa, wina bondo. Matimu a mayiko ena ankangoikankha ngati wilibala. Akuluakulu anati asintha kaseweredwe, asiya kudalira othamanga, akufuna anyamata olemera ndi olimba khosi. Wina ananditsina khutu kuti osankha osewera abwera ku Zomba kudzaonera masewero athu ndi timu ya kutsidya kwa tauni. Ndinaona jekete lija lili kale pamapewa panga.

Sabata yomweyo, tikukonzekera, sikiramu inagwa Limbani ali pansi. Anadzuka mochedwa. Anzake atabalalika anabwera kwa ine akufikisa mkono wamanzere.

"Amalume, mkonowu wachita dzanzi. Zala sizikumva. Ndikatembenuza khosi, mukuyenda ngati moto mpaka m'chigongono."

Tamvani bwino, abale. Tinali pabwalo, koma sanati Kochi. Anati amalume. Mwanayo ankadandaula kwa mwini mbumba.

Ndinkadziwa tanthauzo lake. Ku maphunziro a makochi anatiuza momveka bwino kuti munthu akagunda khosi, mkono n'kuchita dzanzi, asalowenso m'bwalo mpaka dokotala amuone. Sindinganame kuti ndinali mbuli.

Ndinamutukwana. Ndinati anzako akulirira mwayi umenewu, iwe ukufuna kusenza matabwa mpaka imvi? Ndinamugulira mapilitsi opha ululu pa okala. Ndinamuthira kachasu pakhosi n'kumutikita. Ndinamulamula kuti asauze munthu, ngakhale mayi ake.

M'mawa mwake anabweranso. Anati, "Amalume, sizikusintha." Ndinamuwomba mbama. Anaweramitsa mutu n'kupita kukavala nsapato zake za mpira.

Tsiku la masewero linafika. Osankha aja anakhala pamipando pansi pa maambulera. A Esinati anaweruka msanga kumalonda kuti adzaonere mwana wawo kwa nthawi yoyamba, atavala chitenje chatsopano. Amene ankayang'anizana ndi Limbani mu sikiramu anali mnyamata wina dzina lake Yusufu, mwana wa bambo wogulitsa misomali ndi maloko mumsika. Anali wojintcha ngati Limbani, komanso wofatsa ngati iye.

Masewero atangoyamba ndinaona kuti Limbani akulowa mu sikiramu mutu utapendekeka, akuteteza mbali yamanzere. Wolowa m'malo mwake analipo, atakhala pabenchi pafupi ndi ine. Ndinamuyang'ana mnyamata wa pabenchiyo. Ndinayang'ana osankha aja. Kenako ndinakuwa kuti Limbani akankhe, asiye ulesi.

Chigawo choyamba chisanathe, sikiramu inagwa. Onse anadzuka mmodzimmodzi. Limbani anatsala chafufumimba, nkhope ili m'fumbi.

Ndinathamangira m'bwalo. Munthu wovulala khosi sasunthidwa, zimenezonso ndinkazidziwa. Koma osankha ankayang'ana. Ndinamugwira kolala ya jezi n'kumukoka, ndikukalipa kuti, "Dzuka iwe, ukundichititsa manyazi." Mutu wake unagwera kumbali ngati wa nkhuku yophedwa. Anandiyang'ana n'kufunsa chapansipansi, "Amalume, miyendo yanga ili kuti?"

Kuchipatala madokotala anati fupa la m'khosi lathyoka, ndipo mtsempha waukulu wa m'msana waphwanyika. Kuyambira m'mapewa kutsika m'munsi sadzamvanso kanthu. Dokotala mmodzi anafunsa ngati mnyamatayo anadandaulapo chilichonse masewero asanachitike. Ndinayankha ndine, Limbani ali gone pomwepo akumva. Ndinati ayi, anali bwinobwino.

Mwina mukuganiza kuti nkhanza zanga zinathera pamenepo. Zinali zikuyamba kumene.

A Esinati anabwera kunyumba kwanga. Anakhala pansi pakhonde, maso atatupa. Anati, "Achimwene, inu ndinu mwini mbumba. Mwana wathu wathyoledwa ngati nzimbe. Kodi palibe wokafunsa?"

Amati mutu ukakula sulewa nkhonya. Ine ndinailewa, ndipo inakagwera mwana wa eni. Ndinatenga akuluakulu awiri a mbumba yathu n'kupita kwa bambo a Yusufu, monga mwambo umafunira. Pabwalo la nyumba yawo, anthu atadzaza, ndinanena kuti mwana wawo anagwetsa sikiramu dala. Ndinati anapotokola khosi la Limbani chifukwa cha nsanje, kuti osankha aja atenge iyeyo. Ndinayankhula bwino, abale. Ndinagwetsa ndi misozi yomwe. Akanatsutsa ndani? Zochitika mkati mwa sikiramu sizioneka kwa oonerera, ndipo wodziwa mpirawo pa anthu onse aja ndinali ine.

Yusufu anasiya mpira. Mumsika ankamuloza kuti uyo wothyola makosi. Makolo a mtsikana amene anamufunsira anabweza mawu. A Esinati anakumana naye ku depoti n'kumulavulira malovu anthu akuona, ndipo nditamva ndinawayamikira kuti achita bwino.

Timu ya dziko inasankha anyamata a kwina. Inapita, inakakankhidwa monga kale, n'kubwerako. Ine palibe anandiitana. Makolo anachotsa ana awo m'timu yanga mmodzimmodzi mpaka inatha. Ndinatsala ndi botolo.

Limbani anabwerera ku Mtiya, pamatiresi. Munthu wamphamvu uja tsopano ankadyetsedwa phala ndi sipuni. Ankasambitsidwa ngati khanda, ankatembenuzidwa kuti zilonda zisamudye. Khosi lija linatha, linatsala ngati la mwana. A Esinati ankamukonza m'mawa, n'kumusiya yekha ndi kawailesi, iwo n'kukwera phiri kukagulitsa zipatso. Akanapanda kutero onse awiri akanagona ndi njala.

Limbani sanaulule za mkono uja. Mwana sayalutsa malume wake. Komanso ankadziwa kuti mayi ake alibe wina womutchula m'bale koma ine. Ndikapitako, mwa apo ndi apo, ankangoti, "Mwaswera bwanji, amalume," n'kuyang'ana kudenga. Ulemu umenewo ndinkadana nawo koopsa. Ndinkatuluka msanga kukamwa.

Zaka zinapita. Koma mlandu suwola.

Tsiku lina masana ndinapita ku Mtiya nditaledzera, ndikudziwa kuti achemwali ali kuphiri. Ndikuuzeni chimene ndinapitira, ngakhale ndi chamanyazi. Ndinkafuna kukatenga kawailesi ka Limbani kuti ndikapinyolitse kumowa.

Kuseri kwa nyumba ndinapeza Limbani ali padzuwa, atamutsamiritsa pampando. Munthu wina anali atagwada, akumutsuka mapazi m'beseni. Anali Yusufu. Ndinadzamva pambuyo pake kuti ankabwera mozemba a Esinati akachoka, kudzamutulutsa panja ndi kumutembenuza, ndipo anali atachita zimenezo kwa nthawi yaitali.

Ndinatola chikuni. Ndinamumenya pamsana, paphewa, pamutu. Mnyamatayo mphamvu zake zinali zoti akanatha kundinyamula n'kundiponyera kunja kwa mpanda. Sanatchinge ndi mkono womwe. Magazi akutsika pachipumi anati, "Menyani, bambo. Ndikudziwa kuti ndinamupundula ndine. Chiyambire tsiku lija mtima wanga sunakhalepo pansi."

Chikuni chinandilemera m'manja. Bodza langa anali atalikhulupirira ngakhale iye mwini. Zaka zonsezo mwana ameneyu ankagwada kumzikiti kwawo kupempha Mulungu kuti amukhululukire tchimo la ine.

Ndiye Limbani anayankhula. Mawu ake samveka patali, mpweya wake ndi wochepa.

"Amalume, ine ndamuuza kambirimbiri kuti si iyeyo. Akuyesa ndikungomutonthoza. Inu ndiye angakumvereni. Muuzeni za mkono uja."

Ndinathawa. Bambo wamkulu ngati ine ndinathawa munthu wosayenda.

Ndinakwera phiri podzera njira yachidule ya osenza matabwa, kuopa kudutsa pamene achemwali amagulitsira. Ndinafika ku damu la Mulunguzi dzuwa likadalipo. Ndinaima m'mphepete, ndinavula nsapato, ndinayang'ana madzi. Ndinali nditatsimikiza kuti ndidziponyemo.

Mlonda wina wa kumeneko anandiona. Ndinkayesa kuti andinyengerera. Iye anaima chapatali n'kunena kuti, "Bambo, madzi amenewo timamwa Zomba yonse. Ngati mwatopa ndi moyo, musatiipitsire madzi."

Mawu amenewo anandilasa chifukwa anali oona. Ngakhale imfa yanga ikanakhala yozunza ena. Ndikanamira ndi choonadi changa, Yusufu n'kutsala ndi mlandu wanga mpaka kumanda. Ndinakhala pansi n'kuyamba kulira ngati mwana.

Mlondayo sanandifunse zambiri. Ananditengera m'mitengo ya paini, kumene kagulu ka Akhristu kanabwera kudzapemphera kuphiri, monga ena a inu mumachitira. Sindinkadziwapo ngakhale mmodzi. Ndinagwada n'kunena zonse mokweza, za dzanzi, za mbama, za kolala ya jezi, za bodza, za chikuni. Anandisanjika manja. Pamenepo ndinamupempha Yesu kuti anditenge momwe ndinalili, ndikununkha kachasu, magazi a mwana wa eni ali pamalaya. Ananditenga, abale. Ndinamva chinthu cholemera chikuchoka pachifuwa panga. Kuyambira tsiku limenelo mowa sunadutsenso pammero panga.

Koma mtsogoleri wa kaguluko sanandipsatire. Anati, "Mwauza ife ndi mitengoyi. Eni ake nkhani simunawauze."

Ndinaitanitsa mbumba yonse, pamodzi ndi bambo a Yusufu, ndi Yusufu mwini wake, mutu uli ndi bandeji. Tinakhala pabwalo la achemwali ku Mtiya, Limbani atamutulutsa pampando wake. Ndinaimirira monga malume amaimira pamlandu, koma woimbidwa mlanduyo ndinali ine. Sindinasiye kanthu.

Yusufu analira mokweza ngati wafedwa. Bambo ake anamudzutsa. Anandiyang'ana n'kumapita ndi mwana wawo.

A Esinati sanalire. Anafunsa kuti, "Anakuuzani kangati?"

Ndinati kawiri.

"Ndiye muja munkandiperekeza kuchipatala, mukundigwira dzanja, munkadziwa? Muja ndinamulavulira mwana wa eni, inu n'kundiyamikira, munkadziwa?"

Ndinati eya.

Anati, "Amayi athu anabereka ine ndekha." Anadzuka n'kulowa m'nyumba.

Kuchokera tsiku limenelo sanandipatsenso moni. Udindo wa mbumba unapita kwa mng'ono wathu wa kwa amayi aang'ono. Tikakumana pamsewu, achemwali amawolokera mbali inayo. Zimandiwawa, koma sindiwadandaula. Ali ndi chifukwa.

Wina asakunamizeni kuti ukalandira Yesu, khosi lothyoka limalumikizika m'mawa mwake. Ndapemphera, ndasala kudya, ndakwera phiri kukagwada. Limbani sanasunthepo ngakhale chala.

Chimene achemwali anandilola, kudzera mwa mng'ono wathu uja, ndi kubwera pakhomo iwo akachokapo. Ndimapita. Ndimamusambitsa, ndimamutsuka zilonda, ndimachapa nsalu zimene wadziipitsira. Yusufu amabwerabe, tsopano osazembanso. Pomunyamula iye amagwira kumiyendo, ine kumapewa. Mnyamata ameneyu, wa chipembedzo china, anandikhululukira ndisanamalize n'kupempha komwe, ndipo zimenezo zinandichititsa manyazi kuposa kutukwanidwa.

Kwa Limbani ndinachedwa kupepesa, ndinkaopa. Tsiku lina titamukhazika padzuwa ndinagwada patsogolo pake. Ndinati, "Mphwanga, ndinakupha uli moyo. Unandidandaulira ngati malume wako, ine n'kukuyankha ndi mbama. Ndikhululukire." Ndinayankhula nthawi yaitali, misozi ndi mamina zili chuchuchu.

Anandisiya mpaka ndinamaliza. Ndinadikira mawu aja amene wolapa aliyense amawafuna.

Iye anati, "Ndamva, amalume. Tandikandani pamphuno apa. Pakuyabwa kuyambira muja munayamba kuyankhula."

Ndinamukanda. Mawu ena sananene mpaka lero, ndipo ine ndilibe ufulu wowafunsa.

Ambuye alemekezeke, amene sananyansidwe ndi munthu ngati ine. Anandichotsa m'mphepete mwa damu, anandichotsera botolo, anandichotsera bodza pakamwa. Anandisiyira manja awa kuti agwire ntchito ya manja amene ndinawapha. Dzina lake litamandike.

M'bale wanga, mlongo wanga, ngati pali munthu amene akuvutika ndi mlandu umene mwini wake ndinu, musatuluke nawo muno. Bwerani kutsogolo kuno tigwade limodzi. Yesu akulandirani lero lomwe, monga anandilandirira ine. Koma tikati Amen, pitani mukamuuze munthuyo, akadali ndi moyo woti n'kumva. Ine ndikatuluka muno ndikulowera ku Mtiya. Nthawi yomutembenuza Limbani yakwana.